Radiohead si "Creep" ayi, mwanditopetsa

Dzulo madzulo ndinapsa mtima koopsa. Mnzanga wina anabwera kwathu kudzabwereka chaja, n'kundipeza pakhonde ndikumvetsera OK Computer, chimbale cha gulu la rock la ku England lotchedwa Radiohead, pa kasipika kanga. Anaima pamenepo, n'kumvetsera "Paranoid Android" masekondi osakwana 20, kenako n'kumati, "Aaa aise, awa si aja a Creep? Anthu a nyimbo imodzi awa, zinazi ndi phokoso chabe." Anatenga chajacho n'kumapita, ali ndi nkhope ya munthu amene wanena zanzeru kwambiri.

Nyimbo imodzi? Radiohead? Masekondi 20 basi, waweruza kale ntchito imene anthu anaikhetsera thukuta kupitirira chaka chathunthu! Nyimbo imene anaidulira panjirayo ndi yaitali mphindi zoposa 6, imasintha katatu kanayi, imayamba mofatsa, magitala n'kulusa, kenako n'kugwera m'mawu ngati a kwaya ya pamaliro. Iye anangomva poyambira pokha, ndiye akuti phokoso.

Ndikuuzeni, Radiohead si Creep. Anyamatawa anakumana ali pasukulu ku Abingdon, ku Oxfordshire, ndipo anayamba kuimba limodzi mu 1985. Ankadzitcha On a Friday chifukwa ankayeserera nyimbo Lachisanu. Thom Yorke, Jonny Greenwood ndi mkulu wake Colin, Ed O'Brien, Philip Selway. Asanu omwewo, osasinthana, osathamangitsana, kuyambira ali ana asukulu. Atasainirana ndi kampani ya nyimbo ya EMI mu 1991 anasintha dzina n'kukhala Radiohead. Creep inatuluka mu 1992, ndipo kwawo ku Britain sinayende n'komwe poyamba, inakatchukira ku Israel ndi ku America kenako n'kubwerera kwawo. Chabwino, inatchuka. Koma eni akewo inafika powatopetsa, moti kwa zaka zambiri ankapewa kuiimba pamaso pa anthu. Eni ake anaisiya kumbuyo, inu mukadali pompo!

Atatulutsa chimbale cha The Bends mu 1995 akanatha kungobwereza zomwezo, ndalama n'kumalowa. Sanatero. Anapempha kuti chimbale chotsatira, OK Computer, ajambule okha, mothandizana ndi Nigel Godrich, mnyamata amene pa The Bends anali wothandizira chabe pa makina. Kampani inawapatsa mapaundi 100,000 ogulira zipangizo. Mu 1996 anayambira m'kashedi kena pafupi ndi Didcot kamene anakatcha Canned Applause, kopanda chimbudzi, kopanda podyera. M'kashedi kameneko ndi m'mene anajambulira "No Surprises". Anaijambula kambirimbiri, uku n'kuyesa, uku n'kusintha, mapeto ake anabwerera ku ija anaijambula koyambirira penipeni chifukwa ndi imene inali ndi moyo. Imeneyo ndi ntchito ya anthu a nyimbo imodzi?

Kenako anapita ku America kukatsegulira zoimba za Alanis Morissette, ndipo nyimbo zatsopanozo ankaziyesa pamaso pa anthu amene sanabwerere iwo n'komwe. Atabwerako anakadzitsekera ku St Catherine's Court, chinyumba chakalekale pafupi ndi Bath, chimene panthawiyo chinali cha Jane Seymour uja wa mafilimu. Apa ndiye pamene mtima wanga umagunda ndikamaganiza. Sanangoima m'chipinda chimodzi n'kuimba ayi. Ankasaka mamvekedwe m'nyumba monse. Mawu a Thom Yorke mu "Exit Music (For a Film)" anawajambulira pa masitepe amiyala, kuti kulira kwa makoma kulowe m'nyimbo. Valani mahedifoni mumve, mawuwo amamveka ngati munthu ali yekhayekha m'tchalitchi usiku, kukuzizira. "Let Down" anaijambula m'chipinda chachikulu chovinira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, anthu onse ali mtulo. Mu "Fitter Happier" amene akuyankhula si munthu, ndi mawu a kompyuta ya Macintosh, ouma gwa, akuwerenga malangizo a moyo wabwino mpaka thupi limachita tsemwe. Zoimbira za zingwe anakazijambulira ku situdiyo ya Abbey Road kumayambiriro kwa 1997. Ndiye munthu n'kubwera, chaja kumanja, akuti phokoso.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Basi. Chimbale ichi chimafuna munthu wodekha, wokhala pansi, osati wongodutsa.

Ndipo mnzangayu si woyamba kulakwitsa. Mabwana a Capitol, kampani imene inkagulitsa nyimbo zawo ku America, atachimva anagwa mphwayi, anati sichigulika, mpaka anatsitsa chiwerengero chimene ankayembekeza kugulitsa. Nawonso ankafuna Creep ina. Chinatuluka mu 1997, ku Britain pa 16 June, n'kukhala nambala 1. "Paranoid Android" yomwe ija, yaitali choncho, yopanda kolasi yoti anthu azibwereza, inafika pa nambala 3. Chaka chomwecho anaimba ku chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Glastonbury monga gulu lalikulu la usikuwo. Mu 1998 chimbalechi chinapata mphoto ya Grammy. Library of Congress ya ku America inachiika m'gulu la zojambulidwa zoyenera kusungidwa mpaka kalekale. Chitakwanitsa zaka 20 anachitulutsanso mu 2017 ndi dzina loti OKNOTOK, anthu n'kuchigulanso. Gulu la nyimbo imodzi limachita zimenezi? Ndiyankheni!

Sindikukakamiza munthu kukonda nyimbo za rock. Ngati sizikukusangalatsa, nena kuti sizindisangalatsa, ndipo ndidzakulemekeza. Chimene chikundiwawa n'kunyoza chinthu usanachimve. Kutenga nyimbo imodzi imene unaimva pa TikTok n'kuiyesa mbiri yonse ya anthu amene aimba limodzi kuyambira 1985. Kumeneko n'kupanda ulemu. N'chipongwe. Mwina vuto ndi mafoniwa, sindikudziwa, chala chimangothamangira kudumpha.

Ndipo khalidwe limeneli sitikuchitira Radiohead yokha. Timachitiranso oimba athu omwe. Munthu amagona mu situdiyo miyezi, amagulitsa katundu wake kuti alipire wojambula, n'kutulutsa chimbale cha nyimbo 12. Ife timatola imodzi yovinika, timaitumizirana pa WhatsApp ulere, zina 11 sitizitsegula n'komwe. Pakatha miyezi itatu timayamba kufunsa kuti uja anatha eti? Anatha bwanji inu simunamumvere? Kenako tizidandaula kuti oimba amasiku ano amangotulutsa tinyimbo tamphindi ziwiri tofanana tokhatokha. Akachite chiyani, poti makutu athu amatopa nyimbo isanafike pakati?

Chaja changa abweze lero lomwe, ndipo akabwera akhala pampando mpaka "The Tourist", nyimbo yomaliza pa chimbalechi, ithe.