Wowerama kwambiri amamuuza kuti achepetse

Ndinakula ndikudziwa kuti pemphero lenileni ndi la mawondo. Si kwathu ulemu ndi kugwada? Ndiye mnzanga wachiyuda wa kuntchito atandiitana kusunagoge ku Johannesburg tsiku lina Loweruka, ndinkangoyembekezera nthawi yogwada. Mpaka tinaweruka, palibe ndi mmodzi yemwe amene bondo lake linakhudza pansi.

Pemphero lawo lalikulu amalitcha Amidah, kutanthauza kuimirira. Onse anadzuka n'kulunjika nkhope ku Yerusalemu. Aliyense anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kusendera kutsogolo atatu ngati munthu wofika pamaso pa mfumu, kenako anaphatikiza mapazi ngati phazi limodzi, potengera angelo amene Ezekieli anaona. Ndiye zii! Milomo yokha kugwedera, monga Hana mayi ake a Samueli. Agogo ena pafupi nane anapemphera chokhala, mapazi ataphatikiza bwinobwino, poti wodwala ndi wofooka lamulo silimukakamiza kuima.

Chimene chinandigwira mtima ndi kuwerama. Malo owerama pa madalitso a pempheroli ndi anayi: poyamba ndi pomaliza dalitso loyamba, poyamba ndi pomaliza dalitso lothokoza lotchedwa Modim. Mnzangayo ndinamuona akupinda mawondo pang'ono ponena mawu oyamba a dalitso akuti Baruch (wodalitsika), n'kuwerama ponena Atah (Inu), koma pofika pa dzina la Mulungu anali atawongoka kale. Atandifotokozera chifukwa chake ndinangoti kakasi: Salimo 146 imati Mulungu amawongola owerama, ndiye dzina lake umalitchula uli njo.

Tsono imvani izi. Talmud, buku la ziphunzitso za aphunzitsi akale achiyuda, imati munthu akafuna kumawerama pa dalitso lililonse, mumuphunzitse kuti asatero. Lamulo loletsa kuwonjeza ulemu! Poyamba ndinaseka, koma ndikaganiza bwino, anthu aja ankamudziwa munthu. Pagulu, kudzichepetsa sikuchedwa kusanduka mpikisano. Wina akawerama kasanu, mnzake awerama kakhumi, mawa wowerama kanayi ayamba kuoneka wofunda pa zauzimu. Tonse tinamuonapo munthu amene pemphero lake limakula malinga ndi kuchuluka kwa maso omuyang'ana.

Nkhaniyi ndi yakale. Ophunzira a mphunzitsi Shammai ankati mawu a Shema, pemphero loyamba ndi "Imvani Israeli", madzulo uwanene chogona, m'mawa choimirira. Ophunzira a mphunzitsi wina, Hillel, ankati nena mmene ulili, kaya uli khale kaya ukuyenda. Mishnah, buku lakale la malamulo achiyuda, imasimba kuti Rabbi Tarfon ali paulendo anagona m'mbali mwa njira kuti atsate a Shammai, ndipo anangotsala pang'ono kugwa m'manja mwa achifwamba. Atafotokozera anzake, sanamupepese ayi. Anamuuza kuti wadziputira yekha posiya mawu a Hillel. Nkhanza pang'ono, inde, koma ine ndili mbali yawo.

Ndikudziwa ena munena kuti izi ndi zamwambo chabe, mtima ulibemo. Zoona, munthu akhoza kuwerenga masitepe ake molondola maganizo ali kumsika. Koma wogwada naye maganizo ake sapita kumsika? Ine ndagwadapo kangapo ndikuwerengera ngongole. Kusiyana kwake n'kwakuti pamene onse akuwerama pamalo amodzi, palibe woti aonekere, ndipo wosauka ndi mwini sitolo misana yawo imapindika mofanana.

Kugwada kulipo, koma m'masunagoge ambiri n'kwa pachaka: pa Rosh Hashanah, Chaka Chatsopano chawo, ndi pa Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero. Apo amagwada mpaka nkhope pansi. Ngakhale pamenepo saiwala Levitiko 26:1, imene imaletsa kulambira chafufumimba pamwala wosema, ndiye pansi pakakhala pa miyala amayamba ayala kansalu kapena pepala. Mnzanga akuti chaka chilichonse amapita ndi kathaulo m'thumba.