Mizukwa ya m'tauni ilibe mayina

Anzanga a ku Ntcheu kuno, mwaonapo kuti mizukwa ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre ilibe mayina? Kumudzi munthu akalota malemu amadzuka n'kunena kuti agogo andibwerera usiku, akudandaula kuti manda awo amera tchire. Sabata yomweyo abale anyamula makasu kukalambula, azimayi afulula kamowa, nkhani yatha. Koma m'tauni mumangomva za "mzimayi wovala zoyera" woimika galimoto pakati pa usiku, kapena "chinthu" choyenda padenga. Mwana wa yani? Wa mfunda wanji? Palibe akudziwa.

Ine ndimati zimenezi ndi maliro amene anthu sanawalire.

Kumbukirani za nyumba yachifumu ya ku Lilongwe, imene lero tikuitcha Kamuzu Palace. Zipinda 300, ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni, koma mwini wake Kamuzu sanagonemo kwenikweni. A Muluzi anaikana, inasanduka Nyumba ya Malamulo, mpaka a Bingu anatulutsamo aphungu n'kulowamo okha mu 2004. Mu Marichi 2005 kunamveka kuti bwana sakugona tulo, akumva ngati makoswe akuwayenda m'thupi, akayatsa magetsi osaona kanthu. Amene atolankhani anati awatsina khutu anali mlangizi wa pulezidenti pa zachipembedzo, mbusa Malani Mtonga. A Bingu anakanitsitsa, ndipo apolisi anakatenga atolankhani Mabvuto Banda ndi Raphael Tenthani wa BBC, malemu mwana wa kwathu konkuno.

Kaya munalidi mizukwa kaya munalibe, sindiko kuli mtima wanga. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti dziko lonse linakhulupirira tsiku lomwelo. M'minibasi yochokera ku Lizulu, titapanikizana ndi matumba a kachewere, mayi wina anangoti, "Nanga mumati anthu onse aja anapita kuti?" Palibe anafunsa kuti anthu ake ati. Kondakitala amene, wolongolola uja, anangokhala duu.

Tonse tinkadziwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafera ku Thambani ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti ndi ngozi ya galimoto. Zoona zake zinadzatuluka mu kafukufuku wa boma ulamuliro utasintha mu 1994, kuti anaphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, mu 1995 khoti linapeza Kamuzu ndi John Tembo osalakwa. Albert Muwalo, nduna ya Kamuzu ya ku Ntcheu konkuno, anapachikidwa ku Zomba mu 1977, ndipo ndani akanayerekeza kulira mokweza? Awa ndi otchuka okha. A ku ndende za Mikuyu ndi Dzaleka osawerengeka aja, ambiri mayina awo anatsalira m'mitima ya amayi awo.

Ku Blantyre nako n'chimodzimodzi. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, pa nkhani imene imadziwika ndi dzina la Chilobwe. Mphekesera inali yoti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu la Lilongwe zinachokeradi ku South Africa. Ndiye mzinda womangidwa anthu akunong'onezana zotere, mukuti usiku wake ungakhale wa zii? Anamapopa a 2002 ndi 2017 sanagwe kumwamba, ndipo mu 2017 muja mantha omwewo anaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi madera oyandikira. Apa pokha ndiye sindiseka nawo.

Ena muti a Ntcheu tayambapo zachikunja. Ayi, kutchalitchi ndimapita, kwaya ndimaimba. Koma taonani Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni: azungu anamupha mu 1896, imfa yowawa zedi, koma sindinamvepo wina akuti mzukwa wake ukuvutitsa apaulendo pa M1. Manda ake timawadziwa, dzina timalitchula, ngoma timavina.

Kutauni munthu amalowa nyumba ya lendi ku Area 25 atangoona kuti mpopi ukutuluka madzi ndipo mita ya magetsi ilibe ngongole. Landilodi sangakuuzeni kuti amene anatulukamo anatuluka bwanji. Inu a m'tauni, tandiuzani pansipa za kudera kwanu, koma muyambe mwafunsa achikulire a pamenepo kuti pamalopo panali chiyani nyumbazo zisanamangidwe.