Zaka 6 Mukudwala, Dzina la Matenda Osalidziwa!

Lamlungu lapitali ndinapita ku Mufakose, mu Harare muno, kukazonda mwana wa mlongo wanga amene wangotuluka kumene m'chipatala, komwe anamuwonjezera magazi. Nditamufunsa dzina la matenda amene akhala akumusautsa kwa zaka 6, anangoyankha kuti, "Ndi m'mimba basi, malume." Khadi lake la kuchipatala tinalipeza pansi pa matiresi, litanyowa ndi mafuta, ndipo pamenepo dokotala analemba momveka bwino kuti ulcerative colitis, matenda a zilonda za m'matumbo aakulu. Ndinabwerako mtima ukuwawa kwambiri.

Abale anga, munthu wamkulu amene amadziwa mtengo wa dola tsiku lililonse angalephere bwanji kudziwa chimene chikudya matumbo ake? Mukaona magazi m'chimbudzi mumathamangira kunena kuti ndi kamwazi kapena madzi a pachitsime, ngati kuti kutsekula m'mimba kulikonse mu Harare muno ndi kolera uja anavuta ku Budiriro ndi ku Glen View mu 2018. Kodi kolera amakhala m'thupi zaka 6?

Mnyamatayu anasiya mwadzidzidzi prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa kwa m'matumbo, chifukwa choti nkhope inayamba kutupa ndipo anzake ankamuseka. Mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala, apo ayi munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Ululu utabwerera anakagula Brufen kwa ogulitsa mapiritsi padzuwa ku Mbare Musika, mankhwala amene amadzutsa zilonda zomwezo. Pambuyo pake azakhali ake anamutengera kuphiri kwa mneneri kuti akamwe madzi opemphereredwa. Ine kupemphera ndimakulemekeza, koma ndani anakuuzani kuti pemphero limaletsa mapiritsi?

Enanso muli ndi matenda a Crohn, mtundu wina wa zilonda za m'matumbo, koma fodya sachoka pakamwa. Ena mukumwa azathioprine, mankhwala enanso a matendawa, osayezetsa magazi, ndipo mukangopeza bwino milungu iwiri mumati mwachira, chikhalirecho matendawa amangogona n'kudzukanso. Ndi angati mwa inu amene akudziwa kuti pakatha zaka pafupifupi 8 chiyambire kudwala muyenera kuunikidwa m'matumbo ndi kamera, chifukwa zilonda zokhalitsazi zimatha kusanduka khansa? Mumakhala tsiku lathunthu pamzere kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo, koma mukalowa kwa dokotala mumangovomera ndi mutu n'kutuluka osafunsa funso ngakhale limodzi.

Manyazi otchula chimbudzi akupindulirani chiyani? Tulutsani makhadiwo pansi pa matiresi, chibwana chimenechi chithe.