IBM sinalakwe pogulitsa ThinkPad

Dzulo mnzanga ataona kabatani kofiira kaja pakati pa kiyibodi ya laputopu yanga ya mtundu wa ThinkPad anati, "Achimwene, iyi inali ya IBM, kampani imene inafa itagulitsa chuma chake ku China." Mawuwa andisowetsa tulo, ndipo ine ndikukana.

IBM sinafe. Ikadali ku Armonk, m'chigawo cha New York. Inayamba mu 1911 ikupanga masikelo, mawotchi olembera nthawi ya antchito ndi makina owerengera makadi obowola. Dzina lakuti IBM linadza mu 1924.

Kumene inapunthwa ndi kwina. Pothamangira kutulutsa kompyuta ya patebulo mu 1981, purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, inakagula kwa Intel, pulogalamu yoyendetsa makinawo, DOS, inakatenga kwa Microsoft, kakampani kakang'ono panthawiyo. Choipa kwambiri, inamusiyira Bill Gates, mkulu wa Microsoft, ufulu wogulitsa pulogalamu yomweyo kwa aliyense. Posakhalitsa makampani ena monga Compaq anayamba kupanga makompyuta ofanana ndendende, otchipa, oyendera mapulogalamu omwewo. Munda analima ndi IBM, nkhokwe zinadzaza kwa Intel ndi Microsoft. Mu 1993 mokha IBM inaluza madola oposa 8 biliyoni. Izi zimandiwawa mpaka pano, chifukwa mainjiniya ake anagwira ntchito yabwino. Cholakwa chinali pa pepala la mgwirizano.

Ndiye pofika 2005, pamene Lenovo, kampani ya ku China, inagula nthambi ya makompyutayi, kuphatikizapo ThinkPad, pa madola pafupifupi 1.75 biliyoni, IBM inkasiya malonda amene phindu lake linali litauma kale. Makompyuta anali atasanduka ngati tomato wa pamsika nthawi yokolola: aliyense ali naye, wogula amangofunsa mtengo. Lou Gerstner, amene anatenga utsogoleri mu 1993 n'kukana kuigawa kampaniyi zidutswazidutswa, anali ataitembenuzira kale ku mapulogalamu ndi kuthandiza makampani akuluakulu. Njira yomweyo ndi imene inaifikitsa pogula Red Hat, kampani ya mapulogalamu, mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Ndipo makompyuta ake aakulu aja, ma mainframe, mpaka lero akuyendetsa ndalama m'mabanki ambiri akuluakulu padziko. Sitiwaona chifukwa sagulitsidwa m'sitolo.

ThinkPad nayo sinavutike kwa mwini watsopano. Yangayi ndinagula yakaunjika, yolembedwa Lenovo, ndipo ndi imene ndalembera zonsezi.