Kaseti siposa foni pa kamvekedwe, komabe ine sindisiya kujambula

Anzanga amene mwabwerera ku makaseti, tiyeni tiuzane zoona. Ndatopa nazo zomanena kuti nyimbo ikalowa mu kaseti imamveka bwino kuposa mmene inalili pa foni kapena pa kompyuta. Zingatheke bwanji? Nyimbo mwaitenga pa foni, mwaidutsitsa mu waya, yakafika pa tepi. Tepiyo singawonjezere chimene kunalibe. Imangofewetsa timawu tapamwamba, n'kuikamo kaphokoso kake kaja ka "sssss". Kukonda kufewa kumeneko si mlandu, inenso ndimakukonda, koma tisamapusitsane kuti ndi luso loposa la masiku ano.

Kumbukirani kuti pamene a Philips ankaonetsa kaseti koyamba ku Berlin mu 1963, gulu la Lou Ottens, injiniya wa kampaniyo, silinaipangire nyimbo kwenikweni. Inali yojambulira mawu a munthu akulankhula. Tepi yake ndi ya mamilimita 3.81 okha m'lifupi, imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo pamalo popapatiza pomwepo pamadutsa tinjira tinayi ta mawu, tiwiri ta mbali A, tiwiri ta mbali B. Kuti ifike poyimba nyimbo mosachititsa manyazi panafunika Dolby B ya mu 1968 yochepetsa phokoso lija, kenako matepi a chrome ndi a metal. Walkman ya Sony, kachipangizo koyenda nako komvera makaseti, itabwera mu 1979 inangomalizitsa ntchito, nyimbo zinayamba kuyenda ndi munthu pamsewu.

Ndiye ine ndimavutikiranji nazo? Chifukwa cha mphindi 45. Kaseti ya C90 imakupatsa mphindi 45 mbali imodzi, C60 imakupatsa 30, basi, palibe zokambirana. Pa foni munthu amaunjika nyimbo mazanamazana pamndandanda umodzi, theka lake osalimvera n'komwe, ina ikangoyamba wadumpha kale. Pa kaseti umakhala pansi ndi pepala, kuwerengetsa mphindi ndi masekondi, n'kupeza kuti malo alipo a nyimbo khumi kapena khumi ndi imodzi pomwe zokondedwa zilipo makumi awiri. Apa m'pamene umadziwa nyimbo imene umaikondadi ndi imene umangoisunga poti anzako amaitama. Umaganizanso za ndondomeko: iyambe iti, itseke mbali A ndi iti, nanga womvera akatembenuza kaseti akumane ndi chiyani. Ndipo kujambulako kulibe chidule. C90 imadya ola ndi theka, iwe uli pomwepo, khutu lili tcheru. Munthu akakupatsa kaseti yojambula yekha, dziwa kuti nyimbo iliyonse ili m'menemo anaimvera mpaka kumapeto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amathamangira kusaka makaseti apamwamba, makina awo ojambulira ali odwala. Makina amene akhala zaka 30 osagwira ntchito malamba ake a labala ozunguza tepi amakhala atalefuka, ena atasungunuka n'kukhala ngati phula. Lamba akalefuka tepi siyenda liwiro limodzi, ndiye woyimba amamveka monjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumajambulika, sikudzachokanso. Sinthani malamba. Pukutani mutu wa makinawo (kachitsulo kojambula ndi kuwerenga mawu pa tepi), kachitsulo kozungulira kokoka tepi ndi kagudumu ka labala kopanikiza tepi, pogwiritsa ntchito kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Kagudumu kakuda kapena kouma n'komwe kamachititsa kuti makina atafune tepi, ngakhale ife timakonda kunamizira kaseti. Makina atsopano otchipa amene adzaza pa intaneti samandigwira mtima: ambiri alibe Dolby, ndipo zamkati mwake n'zopepuka poyerekeza ndi makina abwino a m'ma 1980. Makaseti a C120 asiyeni, tepi yake ndi yopyapyala kwambiri, sichedwa kukulungana.

Pojambula penipeni, nkhani yaikulu ndi mlingo wa mawu. Lumikizani foni kapena kompyuta ndi waya ku malo olembedwa Line In, osati ku malo a maikolofoni, chifukwa kumeneko mawu amalowa mopyola n'kuphwanyika. Pezani pamene nyimbo yakwera kwambiri, muike makina pa Record ndi Pause, muziyang'ana singano kapena timagetsi toonetsa mlingo wa mawu. Pa tepi wamba ya Type I, singano izigunda cha pa 0, kudutsako pang'ono mwa apo ndi apo sikulakwa. Mukatsitsa kwambiri poopa, "sssss" uja ndiye amalamulira. Mukakweza kwambiri, ng'oma ndi besi zimasanduka phala. Type II, tepi ya chrome ija, imapirira kukweza pang'ono, bola makina muwauze kuti tepi ndi ya mtundu umenewo, ngati sazindikira okha.

Zina ndi zazing'ono koma zimaliza munthu. Foni muiike pa airplane mode nyimbo mutazitsitsa kale, apo ayi kabelu ka WhatsApp kadzakhala pakati pa nyimbo mpaka kalekale. Zimitsani equalizer, chosinthira besi ndi timawu tapamwamba. Koyambirira kwa tepi kuli kachigawo kapulasitiki kosajambulika, choncho dikirani masekondi angapo musanayambitse nyimbo yoyamba.

Za Dolby tingasiyane maganizo. Ngati kasetiyo muzimvera pa makina omwe mwajambulirawo, iyatseni, imathandizadi. Koma ngati mukupatsa munthu amene simukudziwa kuti ali ndi makina otani, ine ndimaizimitsa, chifukwa tepi yojambulidwa ndi Dolby ikamaseweredwa pa makina opanda Dolby imamveka mothwa kwambiri m'makutu, makamaka Dolby C, yomwe ndi yamphamvu kuposa Dolby B. Kuli bwino amve kaphokoso pang'ono.

Mukamaliza, thyolani timapulasitiki tiwiri tapamwamba pa kaseti kuti wina asadzajambulirepo mwangozi. Mukadzafuna kujambulaponso mudzangomata selotepi pa timabowoto. Mafayilo a pa kompyuta aja musafufute poti nyimbo zili pa tepi. Kaseti ikasiyidwa padzuwa m'galimoto imapindika, ikayandikira maginito a sipika mawu amafufutika, ndipo mudzafuna pojambulira ina.