Madzi a mtsinje wa Bua aziyezedwa, ndipo zotsatira zake tizizimva

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Kasungu, mitsinje imafiira ndi matope, ndipo m'matopemo mumakhala feteleza wokokoloka m'minda ya fodya ndi chimanga, ndowe za ng'ombe, komanso zonyansa za m'zimbudzi zosefukira. Nkhawa yanga imakula pakapita masabata angapo, pamene matope adikha, madzi ayera, amayi ayambanso kutunga ndi kutsukiramo mbale, ana nawonso akusambira, chonsecho tizilombo ta E. coli, timene timasonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, sitioneka ndi maso ngakhale pang'ono.

Bua amachokera ku Mchinji, amadutsa m'dera lathu lino, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo ndi mtsinje umene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana nthawi ya dzinja. Choncho chimene tataya kumtunda kuno chimakafika kwa msodzi ndi kwa mwana wosewera pamchenga wa kunyanja.

Ku Durban, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku South Africa, madzi osefukira a mu Epulo 2022 ataononga mapaipi a zonyansa, magombe anatsekedwa chifukwa kuyeza kunaonetsa kuti E. coli wachuluka, ndipo anthu anauzidwa poyera. Chaka chomwecho kuno kwathu kunabuka kolera amene anapha anthu oposa 1,700. Ambiri a ife timazindikira kuti madzi aipa pokhapokha odwala akadzaza kuchipatala, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno la National Water Resources Authority, kotero poyambira tili napo. Maganizo anga ndi akuti pasankhidwe malo okhazikika, monga pamilatho, pamadooko otungira madzi ndi padamu la Chitete limene limamwetsa tauni yathu, ndipo madzi azitengedwa pamalo omwewo mwezi uliwonse, koma sabata iliyonse m'dzinja. Ntchitoyi imafuna chisamaliro, pakuti botolo liyenera kukhala loyera, kusungidwa pozizira ndi kufika ku labotale tsiku lomwelo, apo ayi zotsatira zimanama. Alangizi a zaumoyo, amene amatigawira kale klorini m'midzi, angathe kuphunzitsidwa kutenga madziwo.

Zotsatirazo zisamathere m'mafayilo a muofesi. Zizilengezedwa pa wayilesi m'Chichewa, zizimatidwa pamsika ndi pachipatala, ndipo mafumu azipatsidwa kuti mayi wopita kudooko m'mawa adziwe ngati madzi a sabata imeneyo afunika kuwiritsa kapena kuthira mankhwala.