Chakudya cha a Lao chili ndi eni ake, tasiyani kuchitchula cha Thailand

Mxiii ine lero ndakwiya ndithu. Tinapita kukadya ndi mnzanga wina pa kalesitilanti kena kuno ku UK, chikwangwani panja chalembedwa zakudya za ku Thailand, koma ophika ndi mayi achikulire ochokera ku Laos. Abweretsa laap, mnzanga uja nkuyamba kundilongosolera mokweza kuti aise iyi nde saladi ya ku Thailand yeniyeni. Mayi aja mwaulemu anati ayi bambo, ichi ndi chakudya cha kwathu ku Laos. Mukudziwa zomwe anachita munthuyu? Anatulutsa foni nkuyamba kuwaonetsa mayi aja pa Google. Kuwatsutsa ophika! Munthu amene wakula akusinja zimenezi kuyambira ali kamtsikana, iwe ukumuuza kuti foni yako ikudziwa kuposa iye eti? Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Laap ndi ya a Lao. Basi. Nyama yoduladula timizidutswa ting'onoting'ono, ya nkhuku, ya ng'ombe, ya nkhumba olo nsomba, kuthiramo madzi a mandimu, tsabola, anyezi, masamba a minti, kenako ufa wa mpunga wokazinga womwe amati khao khua. Mpungawo amaukazinga wosaphika pa chiwaya chouma mpaka uchite bulauni nkuusinja, ndi umene umapatsa kafungo kaja ndi kukhukhuluza mkamwa. Kumudzi kwawo ena amaidya yaiwisi ndipo amathiramo ndulu dala kuti iwawe, chifukwa a Lao kuwawa sakuopa. Imeneyi ndi ndiwo ya pa ukwati, ya pa chaka chatsopano chawo cha mu Epulo, ya tsiku lomwe kwabwera alendo. Dziko lonse la Laos likamati chakudya chathu ndi chiti amaloza imeneyi. Nde wina adzuke ku London aziti ndi ya Bangkok?

Papaya wosinja uja naye chimodzimodzi. Aliyense pa intaneti som tam som tam, koma eni akewo amati tam mak hoong ndipo wawo ndi wina, papaya wosapsa wopalidwa timizere, kuponya mu kamtondo kadothi ndi adyo, tsabola wambiri, tomato, ndimu, nkuthiramo padaek, msuzi wa nsomba zosungidwa mu mchere nthawi yaitali. Amatuluka wakuda, wa fungo lamphamvu, woyabwa mpaka thukuta. Uja wotsekemera wa shuga ndi mtedza pamwamba ndi mmene amakondera a ku Bangkok, ndipo sindikuwaletsa, adye. Chomwe ndikukana ndi chakuti dzina la mwini lifufutike. Ndikukana ndithu.

Nanga mpunga womata uja, khao niao? Anthuwa mpaka amadzitchula okha kuti ndi ana a mpunga womata. Sauphika m'madzi ngati mmene timachitira ife ayi, amauviika usiku wonse, mmawa nkuuika mu dengu la nsungwi losongoka kumunsi, dengulo pamwamba pa mphika wa madzi owira, upse ndi nthunzi yokha. Akautembenuza nkupsa amauika mu timadengu ta chivindikiro totchedwa thip khao. Kudya kwake ndi manja, umatema, kuumba kambamu, nkusunsa mu jaew, tsabola wawo wosinja wosunsira, kapena kutolera nako nyama. Nchifukwa chake ndiwo zawo zambiri sizikhala za msuzi wambiri, zimayendera mpungawo. Mmamawa mu mzinda wa Luang Prabang ku Laos amonke a Chibuda akamadutsa m'misewu ndi mbale zawo, chomwe anthu amagwada nkuwaikira ndi mpunga womwewu. Mnzanga uja anaitanitsa foloko. Foloko pa mpunga womata! Kenako nkumadandaula kuti ndi wouma. Abale inu.

Ndikudziwa wina abwera pansipa kudzandiuza kuti koma kumpoto chakummawa kwa Thailand amadya zomwezo. Eya amadya, nanga amene amakhala ku dera limeneli, lomwe amati Isan, ndi ndani? Ndi a Lao omwewo, ndipo alipo ambiri kumeneko kuposa a mu Laos mwenimwenimo momwe muli anthu 7 miliyoni ndi kanthu. Unali mtundu umodzi mbali zonse za mtsinje wa Mekong kuyambira nthawi ya ufumu wa Lan Xang womwe Fa Ngum anayambitsa mu 1353, a France ndi a Siam, Thailand ya lero, nde anadzagawana mu 1893 mtsinje nkusanduka malire. Malire anasuntha anthu pa mapu koma mtondo sunasinthe mwini. Ndiye mukamati chakudya cha ku Isan mukutchula chakudya cha a Lao, kungoti mwachiveka malaya ena.

Zifukwa zomwe ophika a ku Laos amalembera Thailand pa chikwangwani tikuzidziwa, 1975 boma la Laos litasintha anthu anathawa kuwoloka Mekong, nkukathera ku America ndi ku France, kumeneko makasitomala samadziwa kuti Laos ndi chani nde anangolemba Thai pa chitseko kuti apeze ya lendi. Chabwino, njala ndi njala. Koma izo zinali kale. Lero bwanji? Mpaka liti mayi aziphika za agogo awo pansi pa dzina la oyandikana nawo? Onani Seng Luangrath, mayi wophika wochokera ku Laos amene ali ku America, anayambira pa lesitilanti ya dzina la Bangkok Golden ku Virginia, mu 2014 anatsegula Thip Khao ku Washington nkunena poyera kuti izi ndi za ku Laos, ndipo yakale ija anadzaisintha dzina nkukhala Padaek, dzina la nsomba yomwe anthu amaitsinira mphuno. Anthu anathawa? Ayi, anadzaza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma olo zili choncho mlandu waukulu suli pa ophika, uli pa ife odya amene timauzidwa ndi mwini wake nkumakanabe.

Tangoganizani nsima yathu, mwaiphika bwinobwino ku Johannesburg ndi chambo pambali, wina nkubwera kumakuuzani kuti ayi iyi ndi pap, ndipo taonani pa foni. Mungamve bwanji? Magazi sangawire? Nde musamachite zimenezo kwa anzanu.

Ndipo china chomwe chimandinyansa, anthu omwewa amene amalimbikira kuti ndi za Thailand, afunseni or lam sakuidziwa. Ndiwo ya ku Luang Prabang ya mabiringano, bowa, nyama ya njati zoweta, nkuponyamo kamtengo kotchedwa sakhan kamene ukakatafuna lilime limachita dzanzi. Afunseni mok pa, nsomba yokulungidwa m'masamba a nthochi nkuphikidwa pa nthunzi. Afunseni kaipen, ndere za mumtsinje zomwe amaziyala nkuziumitsa pa dzuwa ndi chitowe, kenako kukazinga pang'ono. Jaew bong ya tsabola ndi chikopa cha njati. Zii. Amangodziwa ziwiri zomwe anaziona pa TikTok basi nkusanduka maprofesa. Ukadziwa ziwiri khala chete, funsa, idya, lipira, uzipita.

Koma zomwe zinandimaliza ndi za padaek. Mnzanga yemwe uja atamva fungo anayamba kukupiza dzanja kumaso, amvekere chawola ichi, pamaso pa mayi aja. Laos alibe nyanja yamchere, nsomba zawo ndi za mu Mekong ndi m'minda ya mpunga, ndiye amazithira mchere ndi gaga wa mpunga nkuzitsekera mu mtsuko miyezi yambiri mpaka chaka kuti adzakhale ndi chokometsera ndiwo nthawi yomwe nsomba zasowa. Imeneyo ndi nzeru, si uve. Pano malesitilanti ambiri ayamba kuichotsa, kuchepetsa tsabola, kuwonjezera shuga, kuti makasitomala a mphuno zofewa asadandaule, mapeto ake ukulipira mapaundi ambirimbiri pa chinthu chomwe sichikoma ngati cha Laos olo cha Thailand, madzi okhaokha. Ngati fungo simukulifuna pitani mukagule tchipisi, malo ake alipo ambiri mu msewu womwewo.